Tsiku Limene Ndinamasulitsa Dzina la Mwana Wanga

Ine sukulu ndinangoilawa ngati mchere wa m'ndiwo, ndiye musayembekezere mawu okometsera. Chimene ndimadziwa ndi kunenerera. Pamsika akandiona ndikubwera amayamba okha kutsitsa ndisanatsegule pakamwa. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili ndi shopu yosoka madiresi a ukwati, ndipo palibe amene anandidyerapo masuku pamutu.

Koma pali chimodzi chimene makasitomala sadziwa. Maso anga anatha. Ulusi sindingaulowetse pa singano, ndipo mikanda yoyera pa nsalu yoyera ndimangoona chifunga. Ine ndimayeza, ndimakalipa, ndimalandira alendo. Wosoka ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene malemu bambo ake anandisiyira. Ameneyo atachoka, shopu ija ndi chitseko chabe ndi chikwangwani.

Ndiye mundimvetse mmene mtima unandichitira nditayamba kuona mnyamata wa kosindikiza mabuku akubwerabwera. Lero thumba la epuloni lang'ambika. Mawa batani. Mkuja thumba lomwe lija. Zikhadabo zili bii ndi inki, ndiye ndinangomutcha Wainki.

"Iwe, epuloni yakoyi umalimbirana ndi agalu?"

"Ndi ntchito, mayi."

"Ntchito yake imadziwa njira ya kuno yokha?"

Mwana wanga anaseka mpaka kudzibaya ndi singano. Kuseka kumeneko ndi kumene kunandiopsa, chifukwa ine anali asanandisekerepo choncho.

Ine munthu wanga ndinali naye kale: bambo wa holoselo ya nsalu, tsidya la msewu. Wagalimoto, wosamwa, mkazi anamwalira. Ndinkati akamutenga ameneyu, m'mawa mwana azingowoloka msewu n'kukhala pa makina. Atafunsira, mwana anakana.

"Amayi, munthu uja akamandiuza za chikondi amayang'ana wotchi."

"Ndiye kuti ali ndi wotchi. Winayo ali ndi chiyani?"

* * *

Lolemba lina mkwatibwi wina anaiwala pa tebulo langa khadi la bizinesi la shopu ya anzathu opikisana nawo. Nditaligwira ndinadabwa. Pepala lokhuthala, lofewa ngati nsalu, ndipo zilembo zinali zolowa mkati. Maso sanandithandize, koma chala chinawerenga. Ndinati ngati ana adzulo aja ali ndi lotere, ine ndikhale ndi loposa. Nditafunsa, anandiuza kuti makina akale osindikiza chotero ali malo amodzi okha. Kwa Wainki.

Ndinapita Lachiwiri m'mawa, mwana osamuuza.

Kutsogolo kuli makompyuta, ndi mtsikana wopaka milomo kufiira psuu, mphwake wa mwini malowo. Ameneyo ndi Namilomo. Kuseri ndiye kwa Wainki: chimakina chachitsulo cha gudumu lalikulu, chotsegula ndi kutseka ngati kamwa la ng'ona, ndi kabati ya madirowa afulati odzaza tizitsulo. Atandiona anagwetsa chiguduli.

"Mayi! Kunyumba n'kwabwino?"

"Sindinabwere kudzacheza. Ndikufuna khadi la zilembo zolowa. Lemba: dzina la shopu, dzina langa, madiresi a ukwati, a operekeza, masuti, mayunifolomu, makatani, kukonza zong'ambika, mafoni awiri, keyala, sizasi apa, duwa apa, ndi vesi pansi. Mitundu itatu."

Sanalembe. Anatenga kakhadi kopanda kanthu n'kukaika pachikhatho changa.

"Munda wake ndi umenewu, mayi."

"Chepetsa zilembo."

"Zikachepetsetsa, inki imatseka timabowo, zimangotsala timadontho. Ndiponso m'mphepete monsemu tisiye malo, kuti mpeni podula usadye mawu."

"Zotsalazo uike kumbuyo."

"Mwati mukufuna zolowa kwambiri. Zikalowa kutsogolo, kumbuyo zimatupa. Khadi lotere limalankhula mbali imodzi."

"Nanga mitundu?"

"Mtundu uliwonse khadi limalowa m'makina palokha, ndi dzanja, limodzilimodzi. Itatu ndiye katatu. Likangosuntha pang'ono, duwa ligwera pa dzina lanu."

"Ndiye lipake lonse lakuda, zilembo zoyera."

"Lituluka mawangamawanga ngati nkhanga. Makina awa amakonda mizere, sakonda kupaka khoma."

Chilichonse anali ndi yankho, ndipo ankayankha mwaulemu, chimene chimapweteka kwambiri. Iye anati mizere inayi. Ine ndinati khumi ndi iwiri. Anakwera kufika isanu, ine ndinataya vesi ndi makatani. Pa mayunifolomu tinakangana mpaka Namilomo anasuzumira.

"Mayi, diresi mumalisokerera mikanda paliponse?"

"Wayamba kundiphunzitsa kusoka?"

"Ayi. Koma pamene mwasiya popanda mkanda ndi pamene pamaonetsa mkanda."

Zinali zoona, ndipo ndinamuda nazo. Tinathera pa mizere isanu ndi umodzi, inki ya buluu wakuda, kasizasi kamodzi pakona.

Kenako anatsegula buku loti ndisankhe mtundu wa zilembo. Zambiri zinali zoimirira ngati asilikali. Chala changa chinaima pa zina zopendekera, zamichira, ngati zolemba munthu wodekha.

"Izi."

Wainki anayang'ana pamene chala changa chinaima. Anakanda kukhosi.

"Zimenezo zili pa ntchito ina, mayi. Onani izi, n'zokongolanso."

"Zilembo zimatha ngati shuga?"

"Kuno zimatha. Chilembo chilichonse ndi kachitsulo pakokha. Za mtundu umenewo tili ndi dirowa imodzi, yakalekale, ndipo n'zochepa. Panopa zambiri ndinazimanga pa khadi la munthu wina. Ndikudikira asaine pepala loyeserera. Mwini wake asanasaine, sindisindikiza."

"Wadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Milungu itatu."

"Munthu wa milungu itatu alibe nazo ntchito. Masula."

"Ndikatenge mapepala musankhe," anatero, n'kuthawira kosungira katundu.

* * *

Asanatseke n'chitseko chomwe, Namilomo anali pambali panga. Fungo la perefyumu ngati wagwera m'botolo.

"Mayi, mwini wa ntchito ijatu mukumudziwa."

Anakoka thireyi pa shelefu. Munali tizitsulo tondondozana m'mizere inayi, tomangidwa ndi ulusi kuzungulira kangapo. Zilembo zinali zotembenuka, sindikanaziwerenga. Ndiye anasolola pepala pansi pake n'kundipatsa.

Ndinavala magalasi, pepala ndinaliika patali, ndinawerenga chimodzichimodzi ngati mwana wa sukulu. Mzere woyamba, dzina la mwana wanga. Wachiwiri, wosoka madiresi a ukwati. Wachitatu, foni yake. Wachinayi, keyala: chipinda cha pamwamba pa nyumba yomwe ndinaimamoyo.

Langa panalibe. Ndinatembenuza pepala, kumbuyo kunali mbee.

"Mzere wa dzinawo mwana wanu anatola yekha," anatero Namilomo. "Loweruka lina. Achimwenewa atamugwira dzanja chonchi, akumuonetsa dirowa. Maola awiri, dzina limodzi! Ine pano anandisandutsa kabati."

Loweruka limenelo mwana anandiuza kuti akukasaka zipi zazitali.

"Iwe ukundiuziranji?"

"Chifundo, mayi."

"Chifundo chako n'chopaka milomo."

Ndinaona poyera kuti Namilomo mnyamatayo akumufuna yekha, ndipo ine akundituma ngati galu wosaka. Koma nyama yake inali yomwe ndinkaifuna. Ndinabweza pepala, iye anabweza thireyi.

* * *

Wainki atabwera ndi mapepala, sindinaonetse kanthu. Wonenerera saonetsa chimene wadziwa.

"Pepala ili. Zilembo zomwe zija."

"Mayi, sizingatheke."

"Khala pansi. Iwe kwa ine ukufuna chiyani? Usandiuze za epuloni."

Anayang'ana zala zake. Mawu anatuluka ngati akukoka msomali.

"Ndikufuna mundilole ndibwere kunyumba. Ndikhale pampando, mundimve. Basi."

"Lamlungu masana."

Anadzuka ngati wakhalira phini.

"Koma khadi langa likhale la zilembo izo, ndipo Lachisanu likhale m'manja mwanga. Mwana wanga usamuuze chilichonse, ndikufuna kumudabwitsa."

"Ndiimbire kaye mwini wa ntchitoyo."

"Ukagwira foni, Lamlungu lafa."

Ndinamuona akuwerengera m'mutu. Kundiuza kuti khadilo n'la ndani sakanatha, chinali chinsinsi cha mwana. Kukana sakanathanso, chifukwa chitseko chimene wakhala akugogoda chaka chonse chinali chitatseguka. Anayamba kudzilankhulira yekha.

"Zilembo zimabwerera. Ndikamaliza lanu ndidzatolanso. Ndi ntchito ya tsiku limodzi."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Anatenga thireyi. Mfundo ya ulusi inamuvuta. Ndinatulutsa sizasi yanga m'chikwama.

"Gwira."

Anadula yekha. Mizere itatu ya pansi anaibweza m'dirowa mofulumira, tizitsulo tikulira the-the-the m'timabokosi. Pa mzere wa pamwamba anaima. Anaugwira pakati pa zala ziwiri nthawi yaitali.

"Ndili ndi makasitomala akundidikira," ndinatero.

Anaumwaza. Pakhomo Namilomo anali atakweza foni ngati akudziyang'anira milomo.

* * *

Lachitatu ndinapita kukasaina pepala langa loyeserera. Ine sindichedwa milungu itatu.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anasiya kuimba pa makina. Lachinayi masana analowa m'chipinda choyezera n'kukoka katani. Katani ija ndinasoka ndekha, ndikudziwa kuti ndi yopyapyala. Ndinamva mawu a Namilomo akutuluka mu foni.

"Mnzanga, chithunzi chija wachiona? Anangouzidwa kamodzi, osalimbalimba n'komwe. Ine zinandimvetsa chisoni. Pepa, wamva?"

Kenako mwana wanga anaimbira Wainki, mawu ali otsika: "Dzina langa lili kuti?"

Patapita kanthawi, Wainki: "A telala, ndikhulupirireni. Lamlungu ndili ndi nkhani yabwino. Panopa sindinganene, ndinalonjeza."

"Unalonjeza ndani?"

Sananditchule. Mnyamata uja amasunga pangano, ndimupatse zake.

Lachisanu makhadi anafika m'kabokosi. Sindinama, anali okongola. Dzina langa linali litakhala pakati ngati mkwatibwi, malo mbali zonse, ndipo chala chikadutsa chinkamva chilembo chilichonse. Ndinaika bokosi pa tebulo lodulira, pamaso pa mwana.

Anatenga limodzi. Anayendetsa chala pa dzina langa, pang'onopang'ono, n'kuima pa chilembo china cha mchira wobenthuka pang'ono.

"Ichi ndimachidziwa," anatero. "Ndinachisankha dala."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndi okongola, amayi."

Anabwerera pa makina. Tsiku limenelo anathyola singano zitatu.

* * *

Lamlungu kunagwa mvula. Wainki anafika atavala jekete ya mikono yaifupi, yooneka kuti ndi yobwereka. Zikhadabo anali atazikwecha mpaka zala kufiira. Atalowa pabalaza anaima. Pa mpando wabwino, wa malemu, panali patakhala kale bambo wa holoselo, kapu ya tiyi m'manja.

"Khala apo," ndinaloza kampando ka pakona.

Anakhala. Mwana wanga anabwera ndi thireyi ya makapu, osamuyang'ana.

"Mayi," anatero Wainki, "munati mundimva."

"Makutu ndili nawo. Unapempha mpando, suli pampando?"

Bambo wa holoselo anaseka m'mphuno. "Ameneyu ndi uja wa makhadi? Ntchito yabwino, achimwene. Ndidzakufunani pa malisiti."

Wainki anayamba zimene anakonzekera. Za chipinda cha pamwamba cha mawindo aakulu, za ntchito yake, za ulemu umene ali nawo pa ine. Sanafike patali. Mwana wanga anaika thireyi pansi.

"Ndifunse chimodzi. Unamasula wekha?"

"A telala, ndimati ndikamaliza la amayi..."

"Wekha?"

"Ndekha."

"Ndi mzere wa pamwamba womwe?"

"Ndidzatolanso mawa lomwe. Ndi zitsulo chabe, zimabwerera."

Ine amene ndinkamufunira zoipa, ndinatsinzina. Mnyamata wodziwa poika chilembo chilichonse, mawu amenewo anawaika polakwika.

"Zitsulo chabe," anatero mwana wanga. "Ine moyo wanga wonse ndasoka madiresi otuluka ndi dzina la munthu wina. Kamodzi kokha ndinagwira dzina langa ndi zala zanga. Ndinakusungitsa. Amayi angokuponda kamodzi, wadula ulusi. Nanga mawa akadzati undisiye?"

"Ndinachitira ife! Mayi, auzeni zimene tinapangana. Auzeni kuti munandiletsa kuimba foni."

Onse atatu anandiyang'ana. Ndinauzira tiyi wanga.

"Ine ndinapangana za khadi. Khadi ndinalandira."

Wainki anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wazindikira kuti nsalu anagula ija ndi yowola mkati. Anaimirira, anawerama pang'ono, n'kutuluka. Pa windo ndinaona ambulera yofiira ikumudikira pa geti. Namilomo, ngati wangodutsa mwangozi. Poyamba Wainki anaikana. Pofika pokhota anali atalowa pansi pake.

Mwana wanga anaziona nayenso. Anatembenukira kwa bambo wa holoselo, nkhope ili gwa.

"Funso lanu lija. Yankho ndi eya."

Mtima wanga unavina. Ndinati Mulungu sagona.

Bambo uja anayang'ana wotchi.

"Zikomo kwambiri. Ndiye tifulumize, chifukwa mwezi wamawa ndikusamuka. Ndatsegula holoselo ina, yaikulu, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ya kunoyi ndisiyira mng'ono wanga."

Ndinaika kapu pansi.

"Kusamuka? Nanga shopu?"

"Shopu ndi yanu, mayi. Mkazi wanga sangamagwadire anthu kuyeza mipendero, mapini ali kukamwa. Makina asiye."

"Bambo, tiyeni tikambirane. Inu pitani, iye azibwera milungu iwiri pa mwezi."

"Ayi."

"Mlungu umodzi."

"Ayi."

"Nyengo ya maukwati yokha. Ndili ndi madiresi anayi pa mahang'ala, mikanda sinathe!"

"Mayi," anatero akupukuta pakamwa, "pa nsalu ndimakutsitsirani chifukwa mumandisokosa. Apa palibe kutsitsa."

* * *

Atapita, ndinamupeza mwana kukhitchini akutsuka makapu. Mvula inali itakata, dzuwa likulowa pa windo.

"Unkadziwa za kusamukaku?"

"Anandiuza tsiku lomwe anafunsira. Mumayesa ndinakana chifukwa cha wotchi?"

"Ndiye bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa?"

Anatsuka kapu imodzi kawiri. Ine ndinangoima, manja ali lende, chinthu chimene sindichita.

"Milungu itatu, amayi. Katatu ndinapita kukasaina, cholembera ndinachigwira. Ndikati ndilembe, ndinkaona inu mukusakasaka bowo la singano. Chipinda chija chili misewu itatu kuchokera pa shopu. Ndinkati m'mawa ndizisoka zanu, masana zanga. Ndinkangosowa poyambira kukuuzani."

"Ukanandiuza!"

"Mukanandimva ngati mmene mwamumvera uja lero?"

Ndinakhala pa mpando wa pakhomo.

"Ubweze mawu. Umuuze bambo uja kuti unalankhula ndi mkwiyo."

"Ndabadwa kwa inu, amayi. Ndikagula sindibweza."

"Ndiye ndipita kwa Wainki. Mawa m'mawa. Ndikamuuza zonse, kuti pepala ndinaliona, kuti ndinachita dala. Abwere adzakupepese, inenso ndipepese. Mnyamata uja ndi wofewa, ndikalankhula naye amva."

Anatseka mpopi. Anapukuta manja chala chimodzichimodzi, n'kundiyang'ana koyamba tsiku lonselo.

"Pitani. Koma mukamupatsa chiyani? Chimene ankafuna kwa inu chinali chimodzi chokha, mpando woti mumumvere, ndipo mwamugulitsa kale lero."